Nkhope ya pa chitenje, dzina la pa maliro

Nyengo ya kampeni ikafika, mudzakhale pang'ono pa msika wa Lizulu kapena pa Chimbiya n'kumvetsera zimene anthu amakamba galimoto ya chimkuzamawu ikangodutsa. Si kawirikawiri kumva munthu akutchula zimene zalembedwa mu manifesito. Zimene mumamva ndi izi: "Ameneyu ndi wodzimva, sapereka moni." "Uja ndi munthu wa anthu, pa maliro a amfumu anagona pasiwa." "Koma akuoneka kuti atopa bambo aja." Amayi ogulitsa kabichi ndi mbatatesi, anyamata a kabaza, aphunzitsi amene abwera kudzagula ndiwo, aliyense ali ndi chithunzi chake cha munthu amene mwina sanagwiranepo naye chanza. Chithunzi chimenechi ndicho amalowa nacho m'kachipinda kovotera.

Ophunzira ambiri amaiona nkhaniyi ngati umbuli wa anthu akumudzi. Ine sindigwirizana nawo. Munthu amene akufuna kukhala mtsogoleri wa dziko akupempha kuti timupatse zaka zisanu zoyendetsa zinthu zimene ambirife sitizidziwa bwino: ngongole za boma, ndalama zakunja, malamulo a misonkho, mgwirizano ndi maiko ena. Mlimi wa ku Tsangano alibe nthawi yowerenga buku la masamba makumimakumi lolembedwa m'Chingerezi, ndipo kunena zoona, ngakhale ambiri mwa ife amene tinapitako kusukulu sitiliwerenga. Choncho munthu amafunsa funso limene angathe kuliyankha: kodi ameneyu ndi munthu wotani? Ndi mmenenso timachitira posankha ankhoswe, msungichuma wa banki m'khonde kapena munthu womusiyira ng'ombe. Sitiona za mumtima mwake. Timaona mayendedwe, timamva zimene anthu amanena, kenako timaganiza.

Ndipo si Amalawi okha. Mu 2005 katswiri wina wa ku Princeton ku America, Alexander Todorov, ndi anzake anaonetsa anthu zithunzi za nkhope za opikisana pa mipando ya nyumba ya malamulo ya dzikolo kwa sekondi imodzi yokha, n'kuwafunsa kuti amene akuoneka wodziwa ntchito ndi uti. Pa mipikisano pafupifupi 7 mwa 10 iliyonse ya nyumba ya Senate, amene anthu anamuloza ndi amene anapambanadi pa chisankho chenicheni. Anthuwo sankadziwa dzina la munthuyo ngakhale chipani chake. Kuno kwathu pepala lovotera limakhala ndi nkhope ya wopikisana aliyense pamodzi ndi chizindikiro cha chipani chake, kuti amene sadziwa kuwerenga asavutike. Nkhope ndiyo chinthu chomaliza chimene wovota amaona asanachonge.

Koma nkhope ndi kachigawo kochepa chabe. Chithunzi cha wandale chimamangidwa ndi zinthu zambiri, ndipo amene anazidziwa bwino zinthuzi kuposa wina aliyense m'dziko muno ndi Kamuzu Banda. Kuyambira pamene anatsika ndege pa Chileka pa 6 Julaye 1958, munthu uja sanaonekepo mwachisawawa. Suti ya zidutswa zitatu, chipewa, litchowa m'manja, ndodo. Pa msonkhano ankalankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira. Poyamba anali a John Msonthi, kenako a John Tembo a kuno ku Dedza. Tingaganize kuti kulankhula chinenero chachilendo kukanamutalikitsa ndi anthu. Kunamutalikitsadi, koma mtunda umenewo ndi umene ankaufuna: dokotala wochokera kunja, wodziwa za azungu mpaka kutha kuwagonjetsa, Ngwazi, Nkhoswe ya amayi onse. Mbumba inkavina itavala nsalu za nkhope yake. Chithunzi chake chinali m'sitolo iliyonse ndi mu ofesi iliyonse. Agogo anga aakazi mpaka kumwalira kwawo ankatchula dzina lake motsitsa mawu, ngati kuti ali kuseri kwa nkhokwe.

Chithunzi choterechi chinakhala zaka zoposa 30 chifukwa panalibe wololedwa kujambula china. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, anthu anamva koyamba pagulu zinthu zimene ankangonong'onezana. Pa 14 Juni 1993 dziko linasankha zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi anapambana. Muluzi anali wosiyana ndi Kamuzu pa chilichonse chooneka ndi maso. Ankalankhula Chichewa cha pamsika, ankaseketsa anthu, ankadziwika ndi dzanja lopatsa pa misonkhano, ndipo dzina lake linangokhala Atcheya. Anthu amene anakhala zaka zambiri akuopa mtsogoleri anapeza mtsogoleri woseka naye. Komabe m'chigawo chapakati, Dedza ali momwemo, ambiri anavoterabe Kamuzu ndi tambala wakuda. Apa ndi pamene nkhaniyi imayamba kuvuta, chifukwa munthu mmodzi yemweyo sakhala ndi chithunzi chimodzi m'dziko lonse.

Taganizirani za a John Tembo. Kwa anthu ambiri a ku Dedza anali mwana wa pakhomo, phungu wawo wa zaka zambirimbiri, munthu amene anakhalapo nduna ya zachuma ndi gavanala wa banki yaikulu ya dziko lino, wolankhula modekha, wosagwedezeka. Dzina loti Puludzu silinabwere pachabe. Kwa anthu ambiri a kumwera ndi kumpoto dzina lomwelo linkawakumbutsa nthawi ya chipani chimodzi ndi mantha ake. Anapikisana pa mpando wa pulezidenti mu 2004 ndi mu 2009, ndipo maulendo onse awiri anakhala wachiwiri, ngakhale kuti ulendo wachiwiriwo a Muluzi ndi UDF anali kumbuyo kwawo. Mavoti a kwawo sanawataye. Chimene chinawakanika n'kusintha chithunzi chimene zigawo zina zinali nacho kale. MCP itasankha a Lazarus Chakwera kukhala mtsogoleri wake mu Ogasiti 2013, inasankha m'busa amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God kwa zaka zoposa 20, munthu amene sanakhalepo m'boma la Kamuzu. Chipani chinali chomwecho, tambala yemweyo, mitundu yomweyo, koma nkhope ya kutsogolo inali yoti munthu wa ku Mzimba kapena ku Nsanje akanatha kuiyang'ana popanda kukumbukira zakale.

Chitsanzo chimene chimandiphunzitsa kwambiri ndi cha Bingu wa Mutharika. Mu 1999 anapikisana ndi kachipani kake ndipo sanapeze ngakhale voti imodzi pa 100 aliwonse. Mu 2004 a Muluzi anamugwira dzanja n'kuyenda naye dziko lonse, kumuuza anthu kuti uyu ndi katswiri wa zachuma, ndipo anapambana ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 aliwonse. Mu 2009, atachoka mu UDF n'kuyambitsa DPP, anapeza pafupifupi 66 pa 100 aliwonse, ndipo anadutsa malire a zigawo amene tinkaganiza kuti sangadutsike. Nkhope inali yomweyo, mawu omwewo. Chinasintha n'chiyani? Makuponi a feteleza amene anayamba mu 2005, ndi chimanga chimene chinadzaza nkhokwe m'zaka zotsatira. Chizindikiro cha chipani chake chinali chimanga, ndipo iye ankati ntchito za manja ake zimuchitire umboni. Mayina oti Chitsulo cha Njanji ndi Mose wa Lero anamata chifukwa panali chinthu chowagwira. Pofika mu 2011, mafuta atasowa ndiponso anthu pafupifupi 20 ataphedwa pa zionetsero za pa 20 Julaye, kulimba mtima komwe kuja anthu anayamba kukutcha kusamva za anzake. Khalidwe limodzi limatha kukhala ndi mayina awiri, ndipo limene anthu alitchule limadalira zimene zili mu mphika.

Ndiye kuti amene amajambula chithunzichi si wandale yekha. Iye amabweretsa nsalu, nyimbo, mtundu wa chipani, dzina lomutamanda. Koma chomaliza chimalembedwa m'kamwa mwa anthu, m'minibasi ya pakati pa Dedza ndi Ntcheu, pachigayo, potuluka m'tchalitchi, pa bawo.

Anthu a ku Ntcheu zimenezi anazionera pafupi mwa Saulos Chilima. Pamene a Peter Mutharika anamutenga kukhala wachiwiri wawo mu 2014, anali asanakhalepo phungu kapena khansala. Chimene anabwera nacho chinali mbiri: mnyamata wophunzira amene anayendetsa kampani ya Airtel, Mkatolika wopemphera, Mngoni wa ku Nsipe, wosunga nthawi, wokonda masewera olimbitsa thupi. A Mutharika anali pulofesa wachikulire amene anakhala zaka zambiri ku America, ndipo zimene iwo analibe pamaso pa achinyamata ndi anthu a chigawo chapakati, Chilima anali nazo. Atayambitsa UTM mu 2018, misonkhano yake inali yoti anthu ankapita kukamvera ngati akupita ku chisudzo. Ankaponya miyambi ndi nthano zoti mawa lake dziko lonse likumasulira, ndipo mawu oti osaopa, osatopa, osafooka anafika mpaka m'kamwa mwa ana a sukulu. DPP inadziwa kulemera kwa zimenezi, ndipo mu 2019 a Mutharika anatenga a Everton Chimulirenji, phungu wa ku Ntcheu komweko, kukhala wachiwiri wawo. Boma la Ntcheu linali ndi ana ake awiri pa pepala limodzi lovotera.

Zotsatira za chisankho chimenecho, chimene khoti linadzafafaniza mbali yake ya upulezidenti pa 3 Febuluwale 2020, zili ndi phunziro ngakhale zinali ndi mavuto ake. Chilima anapatsidwa mavoti oposa 1 miliyoni, pafupifupi 20 pa 100 aliwonse, koma UTM inapeza aphungu 4 okha mwa 193. Anthu anakonda munthuyo, koma chikondicho sichinatsikire kwa amene anavala zofiira m'madera. Chithunzi chabwino chimadzaza bwalo. Kuti chisanduke mipando pamafunika makomiti a m'midzi, oyang'anira mavoti pa malo aliwonse ndi anthu odziwika kale kuderako, ndipo zimenezi zimatenga zaka. Komabe mavoti 1 miliyoni aja ndi amene anapangitsa kuti mgwirizano wa Tonse, wa MCP, UTM ndi zipani zina, ukhale wolemera, makamaka khoti litanena kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Pa 23 Juni 2020 a Chakwera ndi Chilima anapambana ndi pafupifupi 59 pa 100 aliwonse. Ndipo amene anaona khamu limene linaima m'mbali mwa msewu wa M1 pamene thupi lake linkapita ku Nsipe, ndege itagwa ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, akudziwa kuti chimene anthu anali nacho mumtima pa munthu uja sichinali cha kampeni chabe.

Tsopano titsike kwa phungu ndi khansala, chifukwa kumeneko ndi kumene nkhaniyi imandipweteka. Pulezidenti timamuonera patali, pa wailesi ndi pa foni. Phungu timamuyeza ndi zinthu zapafupi, ndipo sikelo yaikulu ndi maliro. Shado aliyense, munthu wofuna uphungu, amadziwa zimenezi. Kukagwa zovuta m'mudzi, anthu amaona amene wabwera, nthawi imene wafika, ngati wakhala pampando kapena wakhala pansi ndi anzake, ngati walowa m'nyumba ya siwa kukapepesa, ngati wapatsa moni adzukulu kumanda. Amaona ngati wathandiza bokosi, ngati watumiza galimoto yonyamula thupi kuchokera kuchipatala, ngati chipepeso chake chalengezedwa. Munthu akhoza kukhala ndi madigiri atatu, koma akadutsa pa maliro osatsitsa galasi la galimoto, nkhaniyo ifika ku Mayani iye asanafike ku Lilongwe.

Sindikunyoza zimenezi. Pa chikhalidwe chathu maliro ndi pamene umunthu wa munthu umaonekera, ndipo banja limene lataya mayi usiku popanda ndalama ya bokosi silingaiwale amene analithandiza. Vuto ndi lakuti ntchito imene timamulembera phungu ndi ina. Iye amayenera kupanga malamulo, kuunika bajeti, kufunsa nduna mafunso ovuta ndi kulankhula m'malo mwathu ku nyumba ya malamulo. Ntchito imeneyi sioneka kumudzi. Phungu amene wakhala usiku wonse akuwerenga bilu yokhudza malo kapena mbewu alibe choonetsa pa bwalo la amfumu, pamene mnzake amene sanatsegulepo pakamwa m'nyumbamo koma wagula mabokosi 50 ndi ngwazi. Mapeto ake timasankha anthu ndi muyezo wina, n'kudzawadandaula ndi muyezo wina. Ndipo ndalama za mabokosi, mayunifomu a kwaya ndi mipira ya achinyamata ziyenera kuchokera penapake. Munthu amene wawononga chuma chake chonse pogula dzina amalowa m'nyumba ya malamulo ali ndi ngongole, ndipo ngongole imafuna kubwezedwa.

Lamulo la zipani za ndale la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pofuna kukopa ovota. Pa pepala ndi lamulo labwino. Koma ndani angaime pa maliro n'kunena kuti chipepeso ichi ndi chokopera mavoti? Mzere wa pakati pa chifundo ndi kugula anthu ndi wopyapyala, ndipo andale amayenda pamwamba pake mwaluso. Ndinamvapo mayi wina wachikulire akuuza mdzukulu wake amene ankamudzudzula polandira nsalu ya chipani: "Iwe mwana, nsaluyi ndifunda, koma m'kachipinda muja ndimalowa ndekha." Mawu amenewa amandilimbitsa mtima. Ovota ambiri amavala mitundu yonse, yobiriwira lero, yabuluu mawa, yachikasu mkucha, ndipo chimene chili mumtima sachionetsa. N'chifukwa chake aphungu ambiri sabwerera ku nyumba ya malamulo pakatha zaka zisanu, ndipo n'chifukwa chake oyima paokha amachuluka: mu 2014 analipo 52, mu 2019 analipo 55. Ambiri mwa iwo ndi anthu amene chipani chinawakana pa mapulaimale, koma dzina lawo kumudzi linali lalikulu kuposa chizindikiro cha chipanicho.

Kwa amayi sikeloyi ndi yokhota. Bambo akaima, anthu amafunsa za ndalama zake ndi sukulu yake. Mayi akaima, mafunso amayambira kunyumba: ali pabanja? Mwamuna wake ndi wa kuti? Bwanji amavala thalauzi? Ndalamazi akuzitenga kwa ndani? Bambo wolankhula mwamphamvu ndi wolimba mtima, mayi wolankhula chimodzimodzi ndi wamwano. Izi zikuchitika m'dera limene mbumba ndi mwini mudzi, kumene amayi ndi amene amasankha mfumu, ndipo ndi amayi omwewo amene amadzaza misonkhano ndi kuvina. Mu 2019 amayi amene analowa m'nyumba ya malamulo sanafike 50. A Joyce Banda, amene anakhala pulezidenti mu Epulo 2012 a Bingu atamwalira, anamanga chithunzi cha Amayi, wovala chitenje ndi duku, wogawa ng'ombe ndi kumangira okalamba nyumba. Nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill itaphulika mu 2013, chithunzicho sichinapirire, ndipo mu 2014 anakhala wachitatu.

Njira zofalitsira chithunzi nazo zasintha. Kale wailesi inali imodzi, MBC, ndipo amene ali m'boma ndiye ankamveka. Kubwera kwa mawailesi ena monga Zodiak, imene inayamba mu 2005, kunapatsa anthu akumudzi mwayi womva mbali zonse, ndipo kuyambira mu 2014 takhala ndi mitsutso ya opikisana pa upulezidenti, ngakhale kuti amene ali pampando amakonda kuizemba. Lero kwabwera WhatsApp ndi Facebook. Kakanema ka masekondi 20 ka wandale akupunthwa pokwera nsanja, kapena mawu ake atadulidwa pakati, kamafika ku Golomoti ndi ku Bwanje tsiku lomwelo. Ngakhale m'mudzi mukhale mafoni a intaneti atatu okha, eni akewo ndi amene amasimbira ena onse, ndipo amasimba ndi ndemanga zawo. Bodza likalowa njira imeneyi silibwerera. Kutsutsa kumabwera pa wailesi mawa, koma anthu amakhala atakambirana kale pachitsime.

Pa zonsezi munthu angaganize kuti wopambana ndi amene ali ndi akatswiri abwino omukonzera maonekedwe. Chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chinaonetsa kuti si choncho. A Chakwera analowa m'boma mu 2020 ndi chithunzi champhamvu: m'busa, wolankhula mogwira mtima, wolonjeza ntchito 1 miliyoni, kudya katatu pa tsiku ndi feteleza wa K4,495 pa thumba. Mawu amenewa ndi amene anthu anawasunga, ndipo ndi amene anadzawayezera. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mizere ya mafuta inabwerera, mtengo wa chimanga ndi feteleza unakwera. Kulankhula bwino komwe kunali chuma chawo mu 2020 kunayamba kumveka kwa ambiri ngati mawu opanda ntchito. A Peter Mutharika, amene anthu anawachotsa mu 2020, anali ndi zaka 85, sanachititse misonkhano yambiri, ndipo sanakhalepo munthu wokoka khamu ndi pakamwa. Anapambana ndi pafupifupi 57 pa 100 aliwonse, a Chakwera n'kupeza 33. Chithunzi cha a Mutharika ngati adadi sichinakonzedwe pa nsanja. Chinakonzedwa ndi anthu amene ankakumbukira mtengo wa shuga, sopo ndi thumba la feteleza wa nthawi yawo n'kuuyerekeza ndi wa lero.

Kwa mlimi wa mbatatesi wa ku Bembeke kapena ku Tsangano, feteleza si nkhani ya pa wailesi. Mbewu imeneyi imadya feteleza ndi mankhwala, ndipo mtengo wa thumba ukakwera kawiri pamene ogula ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe akukakamira mtengo wakale, amadziwa yekha chimene chatsala m'thumba mwake. Munthu wotere akamva wandale akulankhula, amamvetsera ndi makutu awiri: limodzi likumva ngati munthuyu ali ndi ulemu, ngati ndi wathu, ngati amaopa Mulungu, linalo likuwerengera matumba. Zikagwirizana, voti ndi yosavuta. Zikasemphana, m'madera amene chipani chinazika mizu ngati MCP ku Dedza ambiri amakhalabe ndi wawo, ena amangokhala kunyumba osakavota, ndipo m'madera ngati Ntcheu, amene akhala akusinthasintha kuyambira 1994, anthu amatembenuka.

Chimene ndimalakalaka n'chakuti mafunso amene timafunsa pa msika achuluke pang'ono. Funso loti anabwera pa maliro likhalepo, silolakwika. Koma pambali pake pabwere ena amene mayankho ake angapezeke: ndalama za chitukuko cha m'dera zimene boma limapereka chaka chilichonse zinagwira ntchito yanji, ndipo mlatho umene unalembedwa kuti wamangidwa uli pati? Phunguyu analankhulapo kangati m'nyumba ya malamulo, ndipo pa nkhani yanji? Zokambirana za m'nyumbayi zimaulutsidwa pa wailesi, ndipo makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a kwa mfumu yaikulu ali ndi ufulu wofunsa khonsolo ya boma za ndalamazi. Shado akabwera kudzapempha amfumu bwalo la msonkhano, nthawi ya mafunso isathere kwa oimba ndi ovina. Gogo mmodzi aimirire n'kunena kuti, "Bambo, nsalu talandira, zikomo. Tsopano tiuzeni, chipatala chathu chikasowa mankhwala, inuyo mukakafika ku Lilongwe mukachita chiyani?"